Apongozi, Kompaila ndi Malikisi Awiri

Ophunzira ankamutchula kuti Semikoloni, ndipo iye ankadziwa. Dzinali, la kachizindikiro ka ; kotsekera mzere wa pulogalamu, linabwera chifukwa cha chizolowezi chake. Akaima kumbuyo kwa munthu amene pulogalamu yake yakana kuyenda, asanayang'ane n'komwe pa sikirini, ankangoti, "Mwaiwala semikoloni." Pa maulendo khumi ankalondola kasanu ndi kawiri. Maulendo atatu otsalawo ankakhosomola pang'ono n'kukoka mpando.

Ankaphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta m'chinenero cha C++ pa kasukulu ka maluso kamene kanali pamwamba pa sitolo ya matayala, moti fungo la labala linkakwera masitepe limodzi ndi ophunzira. Kalasi yake inali ya Loweruka m'mawa, ya anthu akuluakulu amene mkati mwa sabata amakhala pa ntchito: kalaliki wa ku positi, anamwino awiri, wokonza mafoni, ndi woyendetsa takisi wina wa pakamwa posatseka amene aliyense ankangomuti a Dalaivala. M'chipindamo munali makompyuta makumi awiri, atatu akufa kalekale koma opukutidwabe fumbi, ndi fani imodzi imene inkazungulira monyinyirika ngati yachita kukakamizidwa.

Chuma chake chenicheni chinali faelo yobiriwira. M'menemo munali manotsi amene analemba ndi dzanja lake ali ku koleji, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo. Mapepala anali atasanduka achikasu, tsamba lina lili ndi chidindo cha kapu ya tiyi, koma Semikoloni ankawakhulupirira kuposa wotchi ya pamkono pake.

Kunyumba ankakhala ndi mkazi wake, wopereka mankhwala ku chipatala, ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu amene ankamutchula Phwiti chifukwa cha kuchepa thupi ndi kukula mawu. Chaka chimenecho apongozi ake, amayi a mkazi wake, anabwera kudzakhala nawo atapuma pa ntchito. Mayiwa anataipa makalata mu ofesi imodzi kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo zala zawo sizinamve kuti ntchito yatha. Sabata yoyamba anasanja m'kabati ya m'khitchini. Yachiwiri anamata timapepala pa botolo lililonse: mchere, shuga, sopo waufa. Yachitatu Semikoloni anapeza masokosi ake atandandalikidwa kuyambira akuda mpaka oyera, ndipo anayamba kuda nkhawa.

Loweruka loyamba la teremu analowa m'kalasi faelo yobiriwira ili kukhwapa, n'kupereka moni osayang'ana nkhope. Kenaka anakweza maso. Pa mpando wakutsogolo, moyang'anizana ndi tebulo lake, panali apongozi ake, magalasi ali pamphuno, kabuku katsopano kali patsogolo, mapensulo awiri osongoledwa bwino atagona pambali.

Nthawi yopuma itakwana anawayandikira, manja ali kumbuyo.

"Amayi, kodi kunyumba kwagwa zovuta?"

"Kunyumba kuli bwino, Aphunzitsi."

"Ndiye mwangobwera kudzandiona?"

"Ndabwera kudzaphunzira. Dzina langa lili pa pepala lanulo, la nambala khumi ndi chimodzi. Kuno ndinu Aphunzitsi, kunyumba ndinu bambo a Phwiti. Tisasakanize."

Madzulo anafunsa mkazi wake ngati ankadziwa. Mkaziyo anali akusenda mbatata, ndipo sanatembenuke.

"Fomu ndinawatengera ndine," anatero. "Mumafuna ayambe kusanja mabuku anu?"

Semikoloni anabwerera ku manotsi ake. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Masabata oyamba zinthu zinayenda bwino kuposa mmene ankaopera. Apongozi ankataipa osayang'ana kiyibodi, msana uli chilili, liwiro lake longa mvula pa malata, moti a Dalaivala ankasiya zawo n'kumaonerera. Ntchito ya kunyumba ankaipereka itasindikizidwa, tsiku lili pakona. Mwana wawo wamwamuna anawatumizira laputopu yatsopano, ndipo masana aliwonse, Phwiti akagona, ankakhala pa tebulo lodyera n'kumagogoda. Semikoloni anafika poyamba kunyadira. Anauza mnzake wina kuti wophunzira wake wakhama kuposa onse ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri. Zoti amadya naye patebulo limodzi sanatchule.

Sabata yachisanu ndi chimodzi anafika pa tsamba la chidindo cha tiyi lija.

"Lero tikambe za nthawi ziwiri," anayamba, akujambula mzere pakati pa bolodi. "Mukalemba pulogalamu, makina samva zomwe mwalembazo. Pamafunika kompaila, imene imawerenga zolemba zanu n'kuzisandutsa chinenero cha makina. Imeneyo ndi nthawi yomanga. Kenaka munthu amatsegula pulogalamu ija n'kuyamba kuigwiritsa ntchito. Imeneyo ndi nthawi yoyendetsa. Tamvana?"

"Tamvana," inayankha kalasi.

"Tsono kompaila si chitsiru. Ndikalemba kuti tsiku lili ndi masekondi 24 kuchulukitsa ndi 60 kuchulukitsa ndi 60, iyo imawerengeratu pomwepo n'kuika 86400. Pulogalamu ikamayenda sivutikanso, yankho inalipeza kale."

"Ngati ine," anatero a Dalaivala. "Munthu akati ku siteshoni, sindifunsa njira. Ndinaiwerengeratu."

"Ndiye n'chifukwa chake munatisocheretsa tsiku lija?" anafunsa namwino mmodzi, kalasi n'kuphulika.

Semikoloni anadikira kuti phokoso lizizire, kenaka anayamba kudzaza bolodi. Kumanzere analemba zizindikiro zimene kompaila ingawerengeretu: kuphatikiza, kuchotsa, kuchulukitsa, kugawa, kuyerekeza ngati ichi n'chachikulu kuposa icho, ndi kamawu kofunsa kukula kwa chinthu, sizeof. Kumanja analemba zitatu: chizindikiro cha ++ chimene chimawonjezera imodzi pa nambala, chizindikiro cha = chimene chimaika nambala yatsopano m'malo mwa yakale, ndi kuitana fankishoni, kutanthauza kagawo ka pulogalamu kokhala ndi dzina kamene umakatuma ntchito n'kukubwezera yankho.

"Za kumanjazi ayi," anatero akugogoda bolodi. "Kompaila ikafuna nambala yodziwikiratu, izi siziloledwa. Zimadikira nthawi yoyendetsa."

Dzanja linakwera kutsogolo.

"Nthawi zonse, Aphunzitsi?"

"Nthawi zonse, Amayi."

"Chabwino," anatero apongozi, n'kulemba kenakake m'kabuku kawo, n'kudula mzere kunsi kwake ndi rula.

Mayeso apakati pa teremu analembedwa patapita masabata awiri. Lamulungu masana Semikoloni anayala mapepala pa tebulo lodyera, cholembera chofiira chili m'manja. Pepala la apongozi analisiya komaliza, monga munthu amasiyira mnofu pambali pa mbale. Funso loyamba, bwino. Lachiwiri, bwino. Anapitirira akugwedeza mutu mpaka pa funso lachisanu ndi chiwiri, la malikisi awiri: Mwa zizindikiro izi, ndi ziti zimene kompaila ya C++ ingawerengeretu nthawi yomanga?

Ena onse anakopera bolodi lija monga linalili. Apongozi analemba ndi zilembo zawo zoongoka kuti: "Zonse, ngakhale ++ ndi kuitana fankishoni, malinga ndi pamene mwazilemba ndiponso ngati manambala ake akudziwika kale."

Semikoloni anatsegula faelo yobiriwira, n'kuwerenga tsamba lija kawiri. Anayang'ana kuchitseko cha chipinda cha apongozi. Chinali chotseka. Anapumira m'mwamba, n'kudula mtanda wofiira, waung'ono ndithu, waulemu. Atawonkhetsa, malikisi anakwana makumi asanu ndi awiri kudza atatu. Pa sukulupo, wofika pa makumi asanu ndi awiri kudza asanu dzina lake linkapachikidwa pa bolodi la pakhomo.

"Mayi a Phwiti," anaitana chapansipansi. "Tabwerani muone."

Mkazi wake anasuzumira pepalalo, thawulo lili paphewa.

"Alakwa?"

"Alakwa."

"Ndiye mukundiitaniranji?"

"Ndimati mwina muwakonzekeretse mtima."

"Ine? Pa nkhani ya pakati pa mphunzitsi ndi mwana wa sukulu? Ayi, bambo. Ine ndimangopereka mankhwala, jakisoni mubaye nokha."

Loweruka anabweza mapepala. Apongozi analandira lawo ndi manja awiri, n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulipinda pakati bwinobwino, n'kuliika m'chikwama. Semikoloni akanakonda mayiwo akanamukalipira.

Masiku otsatirawo ulemu unachuluka m'nyumbamo mpaka kufika poopsa. M'mawa, "Mwadzuka bwanji, bambo a Phwiti?" ndi mawu osalala ngati a wolandira alendo ku hotela. Tiyi wake ankamupeza atathiridwa kale, supuni ili kumanja. Malaya ake anasitidwa mpaka makolala kuima okha. Koma kugogoda kwa laputopu kunawirikiza, ndipo iye akamadutsa, chivundikiro chinkatsitsidwa pang'ono.

Lachitatu anaweruka msanga. Atalowa anapeza tebulo lodyera litachotsedwa nsalu, laputopu ili pakati, mipando iwiri itayandikana. Phwiti anali pansi akujambula galimoto ya mawilo asanu ndi limodzi.

"Bambo a Phwiti, mukapuma ndili ndi funso kwa Aphunzitsi."

Anakhala pansi jekete asanavule.

Pa sikirini panali pulogalamu yaifupi, mizere khumi ndi iwiri. Inali fankishoni yophatikiza manambala kuyambira pa imodzi mpaka pa khumi, ndipo m'kati mwake munali ++ uja ndi = uja, onse awiri, poyera. Patsogolo pa dzina la fankishoniyo panali liwu limodzi limene m'faelo yobiriwira munalibe: constexpr.

"Liwu ili," anatero apongozi akuloza ndi pensulo, "limauza kompaila kuti ikhoza kugwira ntchito imeneyi yokha, nthawi yomanga. Taonani."

Anadina. Kompaila inameza zonse osadandaula.

Semikoloni anaseka pang'ono, mtima utakhala m'malo.

"Amayi, pamenepa simunaonetse kanthu. Yavomera kumanga, inde, koma kuwerengako ichita pulogalamu ikamayenda. Ndi zomwe ndinanena zija."

"Nanenso ndinaganiza choncho Lolemba," anayankha. "Ndiye ndinafufuza. Tsikani m'munsimo."

M'munsimo munali mzere wina woyamba ndi static_assert. Semikoloni anali ataumvapo, koma ngati mmene munthu amamvera dzina la msewu umene sanayendemo.

"Mzere uwu ndi mlonda," anafotokoza apongozi. "Umafunsa kompaila nthawi yomanga kuti, kodi yankho ndi 55? Ngati kompaila sikulidziwa, kapena ngati lili lolakwika, palibe chimangidwe. Tasinthani mulembe 56."

Anasintha. Anadina. Sikirini inafiira: kompaila yakana. Anabwezera 55. Yavomera. Anasinthanso, mwina poganiza kuti makinawo atopa n'kusintha maganizo. Yakana.

"Ababa, mwaiwala semikoloni?" anafunsa Phwiti ali pansi, osakweza mutu.

Apongozi anatulutsa mapepala atatu otaipidwa, omangidwa ndi kapini. Anali atayesa chizindikiro chilichonse pachokhapachokha, n'kulemba tsiku, zomwe analemba, ndi zomwe kompaila inayankha. Kumapeto kunali kamutu kakuti "Zimene yakana": kufunsa wotchi kuti ndi nthawi yanji, kudikira kuti munthu ataipe nambala, ndi kugawa nambala ndi ziro.

"Ziwiri zoyambazo ndazimvetsa," anatero. "Singadziwe zimene sizinachitike. Koma ya ziroyi inachita kundikalipira."

"Zimenezi munazipeza kuti, Amayi?"

"M'malamulo a chinenerochi. Ali pa intaneti. Akuti anawasintha mu 2011, n'kuwonjezeranso mu 2014. Zimene munatiphunzitsa zinali zoona, bambo a Phwiti. Kungoti zinali zoona kale."

Semikoloni anaimirira n'kunena kuti buledi watha, apite akagule. Buledi anali pa kabati, wathunthu, koma palibe anamuletsa.

Anayenda kudutsa sitolo ya buledi, kudutsa pokwerera mabasi, mpaka pa mlatho wa oyenda pansi, n'kuima pamenepo akuyang'ana magalimoto. Chimene chinkamuwawa si kulakwa kokha. Anayamba kuwerenga m'mutu: makalasi awiri pa chaka, anthu pafupifupi makumi awiri kalasi iliyonse, zaka zonsezi. Anthu mazana anatuluka m'manja mwake atanyamula bolodi la magawo awiri lija, ena mwina akuliphunzitsanso kwina. Ndipo wodzamugwira sanakhale woyendera sukulu kapena katswiri wochokera kutali, koma mayi amene amamusitira malaya. Anakumbukira mmene anagogodera bolodi. Nthawi zonse, Amayi. Makutu anamutentha ngakhale kunkawomba mphepo.

Anabwerera ndi buledi wachiwiri. Mkazi wake anali atafika, akuvula nsapato pakhomo.

"Ndamva," anatero mkaziyo, iye asanayambe n'komwe.

"Munkadziwa?"

"Kuyambira Lolemba. Ankandiyesera ine poyamba, ngakhale sindinatolepo kanthu." Anamuyang'ana nkhope n'kufewetsa mawu. "Bambo a Phwiti, ife ku ntchito mankhwala amene tinkapereka ndikuyamba ntchito, ena pano ndi oletsedwa. Kapepala katsopano kakabwera timawerenga, basi. Palibe amamangidwa."

"Koma inu kapepalako sikabwera ndi apongozi anu."

Mkaziyo anaseka mpaka kugwira khoma.

Atadya, Semikoloni anapempha pepala la mayeso lija. Anatenga cholembera chofiira, n'kukhala moyang'anizana ndi apongozi.

"Amayi, munalondola. Ndikonza pompano, akhale makumi asanu ndi awiri kudza asanu. Dzina lanu likwera pa bolodi."

Apongozi anaika dzanja pa pepalalo.

"Malikisiwo ndinawataya m'kalasi. Sindingawatolere m'khitchini."

"Ndiye nditani?"

"Nanga anzanga aja? A Dalaivala, anamwino, onse aja akudziwa kuti nthawi zonse. Ine ndikwere pa bolodi, iwo atsale ndi zakale?" Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu. "Ine pa ntchito ndinataipapo kalata yolakwika tsiku la msonkhano, makope makumi anayi, onse atatumizidwa kale. Bwana sanaone. Ndinapita ndekha kukagogoda. Sindinafe. Ndi ine ndili panoyu."

Lachinayi ndi Lachisanu Semikoloni anawerenga monga sanawerengerepo chichokereni ku koleji. Nthawi ya nkhomaliro ankatsala pa kompyuta, sangweji ili m'dzanja limodzi. Anapeza kuti sizinali zokhazo zimene zinasintha. Masamba ena asanu a faelo yobiriwira anafunika kuwaika chizindikiro cha funso, ndipo limodzi anangoling'amba.

Loweruka anafika msanga, n'kujambulanso bolodi lija monga linalili, magawo awiri. Anthu atakhala pansi anaima kutsogolo, manja opanda faelo.

"Musanayatse makompyuta, ndili ndi mawu. Zimene ndinakuphunzitsani pa bolodi ili ndi malamulo akale. Anasintha zaka zingapo zapitazo, ine osadziwa. Pa funso lachisanu ndi chiwiri munthu mmodzi yekha ndiye anayankha za lero, ndipo ine ndinamudula mtanda."

Anthu anatulutsa mapepala awo a mayeso.

"Ndiye kuti ife tonse tinalakwa?" anafunsa kalaliki wa ku positi, atagwira pepala lake ngati wina akufuna kumulanda.

"Aphunzitsi, malikisi anga ndinakaonetsa kale kunyumba," anatero a Dalaivala. "Akazi anga anaphika nkhuku. Nkhukuyo ndiibweza bwanji?"

"Palibe alandidwe kanthu. Munayankha zomwe ndinakuuzani, wolakwa ndine." Anatembenukira kutsogolo. "Amayi, tabwerani mutionetse."

Apongozi anaimirira, n'kukonza malaya awo, n'kupita pa kompyuta ya mphunzitsi imene inkaonetsa pa khoma. Laputopu anaisiya kunyumba, poti mizere khumi ndi iwiriyo anali ataisunga pamtima. Zala zinavina, kalasi ikuonerera zilembo zikutuluka pa khoma. Atamaliza anayang'ana anzawo pamwamba pa magalasi, n'kudina.

Khoma lonse linafiira. Kompaila inakana, ndipo sinakane mwaulemu: mizere ya madandaulo inatsika mpaka pansi.

"Mwaiwala semikoloni!" anakuwa a Dalaivala, anthu n'kugwa nacho chiseko.

Apongozi anawerenga zomwe analemba kuyambira pamwamba, chala chili pa sikirini. Panalibe cholakwika. Anadinanso. Chimodzimodzi. Anafufuta liwu lija n'kulilembanso pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ngati wophunzira wa tsiku loyamba. Yakana. Kumbuyo kunayamba manong'onong'o. Wokonza mafoni anati mwina Aphunzitsi analondola poyamba paja. Wina anati tsobola wakale amawawabe.

Semikoloni anali ataima pafupi ndi zenera, ndipo anaona chimene sanachionepo chibwerereni mayiwa m'nyumba mwake: apongozi akusowa chochita pamaso pa kiyibodi. Iye ankadziwa chavuta. Anachipeza dzulo lake. Kompaila ya m'kalasimo inali yachikale, ndipo ukapanda kuiuza, inkatsata malamulo akale. Laputopu ya apongozi inali yatsopano, sinkafuna kuuzidwa.

Tinene zoona, ganizo linamufikira. Akanangokhala chete kwa mphindi imodzi yokha, n'kunena kuti tidzaonanso sabata yamawa, faelo yobiriwira ikanabwerera pa mpando wake ndi ulemu wonse. Ganizolo linakoma ngati madzi ozizira. Linakhala m'mutu mwake nthawi yokwana kupuma kawiri.

"Amayi sanalakwitse kalikonse," anatero mokweza, akuyenda kupita kutsogolo. "Makina athuwa ndi amene ali ngati ine. Pepani, Amayi, ndibwerekeni kiyibodi."

Anawerama, n'kuwonjezera timawu tochepa pa lamulo loitanira kompaila, touza kuti itsate malamulo a 2014. Kenaka anabwerera m'mbuyo.

"Dinani."

Anadina. Kufiira konse kunachoka. Khoma linangoti mbee.

"Tsopano lembani 56."

Yakana. Anabwezera 55, yavomera. A Dalaivala anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja pamwamba pa mutu, ena n'kutsatira, anamwino akuimba nthungululu moti mwini sitolo ya matayala anatumiza munthu kudzafunsa ngati kwagwa ngozi. Apongozi anabwerera pa mpando wawo osamwetulira, koma atakhala pansi anatulutsa kansalu n'kupukuta pamphumi, ndipo podutsa Semikoloni anamva akunong'ona kuti, "Zikomo, bambo a Phwiti." M'kalasi anali asanamutchulepo choncho.

Ola lotsalalo linali phunziro labwino kuposa onse amene anaphunzitsapo. Anafufuta mzere wa pakati pa bolodi, n'kuuza aliyense kuti ayese kupusitsa kompaila. Wokonza mafoni anaifunsa nthawi, inakana. Namwino wina anailembera fankishoni yowerengera madontho a diripi pa mphindi, inavomera, iye n'kujambula sikirini ndi foni kuti akaonetse anzake. A Dalaivala anagawa ndi ziro katatu konse, akuti amafuna aone ngati ingatope. Pamapeto kalaliki wa ku positi, amene sankalankhula kawirikawiri, anati, "Ndiye kuti nkhani si chizindikiro chokha ayi. Nkhani ndi yakuti kodi zonse zofunika zikudziwika kale." Semikoloni anamupatsa cholembera kuti akalembe yekha pa bolodi.

Dzina la apongozi linapachikidwa pakhomo Lolemba. Iwo anapita kukaliona, n'kupeza kuti mlembi wa sukulu walakwitsa chilembo chimodzi, ndipo pepalalo linatsitsidwa n'kutaipidwanso. Semikoloni anatha masabata atatu akuika kompaila yatsopano pa makompyuta onse amoyo, ndipo madzulo ankalemba manotsi atsopano pa tebulo lodyera. Iye ankanena, apongozi ankataipa. Nthawi zina ankaima pakati pa chiganizo n'kufunsa kuti, "Zimenezi mwaziyesa?" Iye ankadzuka kukaziyesa.

Teremu yotsatira mndandanda wa kalasi yake utabwera, anayendetsa chala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anawerenganso. Dzina lija panalibe. Anamva kupepuka m'mapewa, kenaka, mosayembekezera, kanthu kena kanamulasa pamtima.

"Amayi, kodi ndinakulakwirani?" anafunsa pa chakudya chamadzulo.

"Ayi. Zanu ndamaliza. Ndalembetsa za manetiweki, kwa aphunzitsi a chipinda chachiwiri aja. Intaneti ya m'nyumba muno imaduka kukhitchini, ndikufuna ndidziwe chifukwa chake."

Mphunzitsi wa manetiweki anali mwamuna wamtali, wonenepa, wokonda kuseka anzake. Nkhani ya funso lachisanu ndi chiwiri itamveka, iyeyu ndi amene anaseka kwambiri, mpaka kumenya tebulo la m'chipinda cha aphunzitsi. Loweruka lachitatu la teremu, nthawi yopuma, Semikoloni anamupeza ataima pafupi ndi ketulo, tiyi akuzizira m'manja, mapepala atatu otaipidwa omangidwa ndi kapini ali pa tebulo.

"Achimwene," anatero mwamunayo ndi mawu otsika, atayang'ana kuchitseko kaye. "Mayi a mpando wakutsogolo aja, akuti ndi apongozi anu?"

"Ndi apongozi anga."

"Andifunsa kuti buku limene ndimaphunzitsira linasindikizidwa chaka chanji."

"Ndiye munawauza?"

"Ndinati ndikayang'ana." Anayang'ananso kuchitseko. "Kodi amatopa?"

Semikoloni anathira madzi otentha m'kapu yake, n'kuika shuga masupuni awiri, n'kutakasa mosafulumira.

"Lamulungu amapuma mpaka cha m'ma naini," anatero. "Khalani pansi, achimwene. Tandipatsani mapepalawo tione pamene ayambira."